Kwa Atsogoleri a Mipingo ndi Mizikiti: Za Mnyamata Amene Ankatiimbira Ng'oma

Ambuye maepiskopi, abusa, ansembe, ashehe, ndi nonse amene mumakhalira pamodzi m'bungwe la Public Affairs Committee (PAC),

Ndikukupatsani moni ndi manja awiri. Ndine mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikuyang'anira kwaya ya achinyamata pampingo wathu kuno ku Blantyre. Dzina la mpingowo sindilitchula, chifukwa cholakwa chimene ndikufuna kukamba chinayambira pakamwa panga ine mwini. Mayi wamba ngati ine salembera akuluakulu ngati inu mwachisawawa, ndikudziwa. Koma nkhaniyi yandisowetsa tulo nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti kukhala chete kwanga sikukuthandiza munthu.

Pa 13 Julayi 2023 ndinali nawo pamsewu. Munatiitana, ife tinabwera. Ambuye Thomas Luke Msusa, Arkiepiskopi wa Katolika wa Blantyre, anali kutsogolo, kumbuyo kwawo chinamtindi cha anthu: amayi a mayunifomu amitundumitundu, masisitere, ana asukulu, azibambo a mikanjo ndi zisoti zachisilamu, onse kukana maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Ndisaname, tsiku limenelo ndinanyadira. Chibadwire ndinali ndisanaone Mkatolika, wa CCAP, wa Pentekosite ndi Msilamu akuponda phazi limodzi pamsewu umodzi. Ana anga a kwaya ndinawatenga onse. Pakati pawo panali mnyamata wa zaka 17, wa Fomu 3, woimba ng'oma. Dzanja lake linali lopepuka moti ankatha kuimitsa kwaya yonse ndi kugunda kumodzi kokha. Tsikulo anakoleka ng'oma m'khosi kuchokera poyambira mpaka pothera, thukuta lili kamukamu, osadandaula ngakhale pang'ono.

Loweruka lotsatira, pulakatisi itatha, anzake onse anabalalika koma iye anatsalira. Ine ndinkapinda mayunifomu, iye ali chinjonjo pakhomo akuwamba ng'oma pa kamoto ka mapepala. Osandiyang'ana n'komwe anati, "Amayi, Lachinayi lija timagubira ine." Ndinaseka, ndimayesa nthabwala zachinyamata. Iye sanaseke. Anandiuza kuti kuyambira ali Sitandade 6 ankadziwa kuti mtima wake sugunda ngati wa anzake. Anzake akamakamba za atsikana iye ankangovomerezana nawo kuti asaonekere, koma mumtima mwake munkalowa anyamata anzake. Anati sanagonepo ndi munthu, sanagwirepo munthu. Anasala kudya kangapo osauza makolo, analonjeza Mulungu kuti akamusintha adzakhala m'busa, ndipo usiku uliwonse ankagona akupempha kuti adzuke ali wina. M'mawa ankadzuka ali yemweyo. Kenako anati, "Ndauza inu nokha. Chonde adadi asamve."

Ndinamulonjeza. Lonjezo langalo linakhala masiku anayi.

Sindinachite ndi mtima woipa, ndipo apa ndi pamene pamandiopsa kwambiri. Ndinali ndi mantha, sindinkadziwa chochita, palibe amene anandiphunzitsapo kuti mwana akakuuza zoterezi umatani. Ndiye ndinapita kwa mkulu wina wa mpingo, munthu wabwinobwino, n'kumunong'oneza kuti tizimupempherera mwanayo. Iye anauza akunyumba kwake. Akunyumba kwakewo anaiponya pa gulu la WhatsApp la amayi ngati pempho la pemphero, dzina ndi dzina la bambo ake zili pomwepo. Inu mukudziwa mmene pempho la pemphero limathamangira kwathu kuno, limaposa uthenga wa maliro. Bwalo la akulu linakhala pansi, mnyamatayo sanaitanidwe, sanafunsidwe kanthu. Lamulungu, pa nthawi ya zolengeza, atatha kuwerenga za chopereka ndi za odwala, mlembi anawerenga dzina lake n'kunena kuti waimitsidwa m'kwaya chifukwa cha khalidwe lachilendo. Mayi ake anali atakhala mabenchi awiri patsogolo panga. Ndinawaona akukoka chitenje n'kufunda kumutu ngati ali pasiwa.

Zotsatira zake zinabwera mothamanga. Anamutengera kuphiri kwa mneneri wina, masiku atatu osadya osamwa, akumudzoza mafuta ndi kumukuwira m'khutu kuti chiwanda chituluke. Atasanza chifukwa cha njala ndi dzuwa, anthu anaomba m'manja kuti chatuluka. Iye anavomera kuti wachira, poti ankafuna madzi akumwa. Amalume ake anati mankhwala ake ndi kumupezera mkazi msanga. Bambo ake, amene anthu anayamba kuwaloza zala kumsika, anamukwapula ndi lamba, kenako usiku wina anaponya chikwama chake panja n'kutseka chitseko. Mawu awo anali akuti alibe mwana wotere.

Amene anamutola si ife. Anali mayi wachisilamu wa nyumba yachitatu kuchokera kwawo, wophika mandasi, amene amadzuka cha m'ma 3 koloko kukoleza moto. Anamupeza atatsamira khoma la kukhitchini kwawo, akunjenjemera ndi chisanu cha mu Ogasiti, m'thumba mwake muli chinthu chimene sinditchula, chimene anagula kuti asaone dzuwa likutuluka. Mayiwo sanamufunse mafunso ambiri. Anamulanda chinthucho, anamupatsa tiyi ndi mandasi awiri oyamba kuphulidwa, n'kumuyalira mphasa m'chipinda cha ana awo aamuna. Patapita masiku ndinalimba mtima kupita kumeneko, manyazi ali tho. Amuna awo, bambo amene saphonya swala ya m'bandakucha, anandipatsa mpando n'kundiuza mosazungulira: "Amayi, musaganize kuti tavomereza. Chipembedzo chathu sichilola zimene mwanayu akunena. Koma ife tinaphunzitsidwa kuti amene wabisa manyazi a m'bale wake, Mulungu adzamubisira ake pa tsiku la chiweruzo. Kodi kwanuko mawu amenewa mulibe?"

Tili nawo. Koma ndinasowa pakamwa poyankhira.

Anakhala pakhomo pamenepo miyezi isanu. Sanamuuze kuti alowe Chisilamu. Lamulungu m'mawa mayi aja ankamudzutsa kuti asambe akapemphere kwawo, mpaka tsiku lina anawauza kuti kwawoko kulibenso malo ake.

Tsono ndinene chimene sindikupempha, kuti musataye kalatayi musanaimalize. Sindikupempha kuti musinthe chiphunzitso. Ine si wophunzira zaumulungu, ndipo kutsutsana nanu pa Levitiko 18, Aroma 1 kapena nkhani ya anthu a Luti sindingakwanitse. Ndikudziwa kuti pa 19 Disembala 2023, tsiku limodzi lokha chikalata cha ku Vatican chololeza ansembe kudalitsa anthu otere chitatuluka, maepiskopi a Katolika kuno analetsa kudalitsa anthu awiri aamuna kapena aakazi okhala ngati banja. Ndikudziwanso kuti pa 28 Juni 2024 majaji atatu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anagamula kuti malamulo oletsa mchitidwewu akhalebe, ndipo kuti wofuna kuwasintha apite ku Nyumba ya Malamulo. Pamsewu munapambana, kukhoti munapambana. Funso langa ndi la mwana amene anatsala pabenchi la kumbuyo chipambano chitatha. Pa zonse zimene munalemba ndi kulalikira chaka chimenecho, ine sindinamve mawu ondiuza chochita Loweruka lija.

Chikhalirecho mawuwo alipo, m'mabuku anu omwe. Katekisimu wa Katolika, atangomaliza kukana mchitidwewu pa ndime 2357, pa ndime 2358 amalamula kuti anthu otere alandiridwe mwaulemu, mwachifundo ndi mosamala, ndipo kuti kuwasala kulikonse kopanda chilungamo kupewedwe. Ndime ziwirizi ndi zoyandikana ngati mphuno ndi mlomo, koma yachiwiriyo ndi Akatolika angati anaimvapo paguwa? A Anglican amakonda kutchula mfundo ya 1.10 ya msonkhano wa ku Lambeth wa 1998, imene maepiskopi a ku Africa anaimenyera nkhondo kwambiri. Mfundo yomweyo, kuwonjezera pa kukana kuja, inalonjeza kuti mpingo udzamvetsera anthuwa, kuti udzawatsimikizira zoti Mulungu amawakonda, ndiponso inadzudzula mantha opanda pake amene anthu amakhala nawo pa iwo. Ife tonse owerenga Baibulo tili ndi Mateyu 18 ndime 15, pamene Ambuye akuti m'bale wako akalakwa upite ukamuuze muli awiri. Sanati uyambire pa zolengeza. Ndipo inu ashehe muli ndi Surat Al-Hujurat, ndime 12, imene imaletsa kufufuzana zachinsinsi ndi kujedana, n'kufanizira mjedo ndi kudya mnofu wa m'bale wako wakufa. Ngakhale makolo athu asanamve za buku lililonse ankadziwa kuti za kudambwe saulula, ndipo namkungwi wolongolola ankamulanda udindo. Ine ndinaphwanya zonsezi tsiku limodzi, ndipo mpingo wanga m'malo mondidzudzula unandithokoza kuti ndachita tcheru.

Mu Febuluwale 2023, pochokera ku Juba ku South Sudan, malemu Papa Francis anali m'ndege imodzi ndi Justin Welby, amene anali mkulu wa Anglican pa nthawiyo, komanso Iain Greenshields wa Church of Scotland, mpingo umene unatsegula mishoni ya Blantyre mu 1876. Onse atatu anatsutsa zomanga anthu chifukwa cha nkhaniyi. Mwina pa za kumangazo simugwirizana nawo, ndi ufulu wanu. Koma Papa ananenanso chinthu china chaching'ono chimene sindikuona amene angachikane: mwana wotere ali ndi ufulu wokhala pakhomo pa makolo ake, asathamangitsidwe.

Za lamulo la boma nazonso tizinene bwino, chifukwa anthu ambiri m'mipingo amalimva molakwika. Gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 14, gawo 156 zaka 5, ndipo gawo 137A, lokhudza akazi, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, zaka 5. Magawo onsewa amakamba za zochita. Palibe gawo limene limati mwana wonena mmene mtima wake ukumvera wapalamula. Mnyamata wanga uja sanaphwanye lamulo lililonse la Malawi. Amene anaphwanya ndi amene anamumana madzi masiku atatu, amene anamukwapula, ndi amene anataya mwana wosakwana zaka 18 panja usiku, poti gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 salola zimenezo. Koma palibe amene anawerengedwa dzina pa zolengeza chifukwa cha zimenezi.

Achikulirefe tikukumbukira 2010, pamene Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene khoti linawazenga ngati amuna awiri atachita chinkhoswe, anagamulidwa zaka 14, khamu likuwakuwiza panja pa khoti kuno ku Blantyre. Pa 29 Meyi chaka chomwecho, atakumana ndi Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo, malemu Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Sanabise kuti zimene anachitazo sagwirizana nazo, komabe anawatulutsa. Ena anati anachita pokakamizidwa ndi akunja. Kaya zinali choncho, anationetsa kuti munthu ungathe kusunga maganizo ako n'kuchitabe chifundo. Mnyamata wanga uja pa nthawiyo anali wa zaka 4, akuphunzira kuomba zitini.

Ndimamva kawirikawiri paguwa kuti izi ndi za azungu, kuti ana athu akugulidwa ndi ndalama za mabungwe. Sindikana kuti mayiko olemera amatiopseza ndi thandizo lawo, ndipo inenso zimandinyansa. Koma mwana uja analibe ngakhale foni yolowa pa intaneti, ankabwereka ya achemwali ake. Sanaonepo ofesi ya bungwe lililonse. Anakulira pa Sande sukulu, pa kalasi, pa kwaya, m'manja mwathu. Ndipo ngati tikufuna kunena zoona za zimene zinabwera ndi atsamunda, buku la malamulo a milandu limene tikuligwiritsa ntchitoli ndi la 1930, pomwe liwu lija timatukwana nalo la mathanyula agogo athu obwera ku migodi ya ku Joni ankalidziwa kalekale, mabungwe asanabadwe.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, pafupifupi theka ndi ana osakwana zaka 18, ndipo amene anati alibe chipembedzo ndi anthu awiri okha pa 100 alionse. Tanthauzo lake n'losavuta. Mwana wa ku Malawi amene amakopeka ndi amuna kapena akazi anzake, kapena amene amadzimva kuti thupi limene anabadwa nalo silikugwirizana ndi mmene alili mkati, ndi mwana wa tchalitchi kapena mzikiti. Ali m'kwaya, akutumikira pa Misa, akuloweza Qur'an ku madrasa, akusunga Sabata, akutsogolera mapemphero a SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu, kusekondale. Ambiri mwa iwo amakonda Mulungu kuposa anzawo, chifukwa agwada kwambiri. Mukamalalikira n'kunena kuti anthu amenewa ndi oipa kuposa agalu, mpingo n'kuseka, dziwani kuti pa mabenchi pomwepo pali mwana wa zaka 14 amene akusekanso nawo kuti asadziwike, ndipo akupita kunyumba atakhulupirira kuti Mulungu amanyansidwa naye.

Ku America, kafukufuku wa Caitlin Ryan ndi anzake amene anatuluka mu 2009 anapeza kuti achinyamata otere amene anakanidwa kwambiri ndi makolo awo ankayesa kudzipha kuposa ka 8 poyerekeza ndi amene sanakanidwe kapena anakanidwa pang'ono. Ndi kutali, inde, koma mtima wa mwana ndi umodzimodzi. Chimene chinandigwira mtima pa ntchito yawo n'chakuti anagwira ndi mabanja opemphera kwambiri, monga a mpingo wa Mormon, osawauza kuti asiye chikhulupiriro. Anangowaonetsa kuti kuchepetsa kukana, kusiya kumenya, kusiya kutukwana, kusiya kumubisa mwana alendo akabwera, kumachepetsa ngoziyo.

Inu a PAC si alendo pa nkhani zovuta. Bungwe lanu linabadwa mu 1992, chaka chimene maepiskopi a Katolika analemba kalata ya pa 8 Malichi ija, anthu akuopa ngakhale kutsokomola, ndipo mipingo ina ndi Asilamu munaima nawo mpaka riferendamu ya 1993. Mu 2019 ku Balaka kutabuka mkangano wa hijabu pasukulu ya mishoni, anthu kuvulazana ndi kuphwanyirana nyumba zopemphereramo, ndi inu amene munakhazika pansi mbali zonse mpaka mgwirizano wa 2021. Palibe Mkhristu amene anasanduka Msilamu pa mgwirizano umenewo, palibe Msilamu amene anabatizidwa. Munangogwirizana kuti mtsikana asabwezedwe pachipata cha sukulu. Ndipo ndani waiwala mmene tinkalalikirira za Edzi m'zaka za m'ma 1990? Tinkati ndi chilango cha achigololo, odwala ankafa mobisala, amasiye tinkawasala ngakhale pa kapu ya mgonero. Kenako wansembe wa Anglican wa ku Uganda, Gideon Byamugisha, anaulula kuti ali ndi kachilombo, kuno kunabwera MANERELA+, bungwe la atsogoleri a zipembedzo okhudzidwa ndi kachilomboka, abusa ndi mashehe anayamba kuyendera odwala limodzi, amayi a mipingo tinanyamula mabeseni ndi likuni phala khomo ndi khomo. Lamulo loletsa chigololo silinafufutidwe m'buku lililonse. Chimene chinasintha ndi pakamwa pathu ndi manja athu, ndipo anthu ambiri ali moyo lero chifukwa cha zimenezo.

N'chifukwa chake ndikugwira mwendo wanu kuti mukhalenso pansi, monga munachitira pa hijabu, n'kulemba tsamba limodzi lokha limene m'busa wa ku Chitipa, shehe wa ku Mangochi ndi katekisiti wa ku Nsanje angawerenge n'kulimva. Chachikulu pa tsambalo chikhale chinsinsi. Mwana akaulula kwa mlangizi, kwa mwalimu, kwa mayi wa kwaya ngati ine, mawuwo athere pomwepo. Asapite ku bwalo la akulu iye asanavomere, asapite pa WhatsApp m'dzina la pemphero, ndipo dzina la mwana lisawerengedwe pagulu, kaya m'tchalitchi, kaya pambuyo pa swala ya Lachisanu. Ansembe achikatolika amadziwa kale kulemera kwa chinsinsi cha kulapa, atiphunzitse enafe. Pokhapo pamene chinsinsi chiyenera kusweka ndi pamene mwanayo akuchitidwa nkhanza ndi munthu wamkulu kapena moyo wake uli pangozi. Wogwirira mwana, kaya mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi, kaya wogwirirayo wavala kolala, malo ake ndi kupolisi. Tisamasakanize nkhani ziwirizi. Kusakaniza kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti mnyamata wogwiriridwa akhale chete, poopa kuti amene atamangidwe ndi iyeyo.

Munenenso momveka kuti kumenya, kumanga zingwe, kumana chakudya ndi madzi, kutemera mphini ndi kumwetsa zitsamba si pemphero. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse linachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda mu 1990, ndipo mwana amene amatsika kuphiri akunena kuti wachira nthawi zambiri waphunzira chinthu chimodzi chokha, kunama. Muletse mankhwala a amalume aja okwatitsa mokakamiza. Mtsikana amene mukumubweretsa kuti achiritse mnyamatayo nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo zaka zikadzapita ndi iyeyo amene adzabwere kwa ankhoswe akulira, osadziwa chimene analakwa. Atsikana ndiye amaona zoopsa kuposa apa. Pali anthu amene amakhulupirira kuti mtsikana wokonda atsikana anzake amawongoka akagwiriridwa, ndipo amachitadi, nthawi zina achibale akudziwa. Ine sindinamvepo ulaliki ngakhale umodzi wodzudzula chinthu chimenechi.

Makolo musawasiye okha. Bambo a mnyamata uja si chilombo. Anachita mantha ndi manyazi, ndipo mpingo umene ukanawagwira dzanja ndi umene unawayalutsa. Akanabwera abusa madzulo amenewo, n'kukhala nawo pakhonde, n'kuwauza kuti mwana ndi wanu ndithu, chibale ndi fupa sichiola, sindikukhulupirira kuti chikwama chija chikanaponyedwa panja. Mawu a m'busa kapena shehe pakhomo la munthu amalemera kuposa a wapolisi ndi a mfumu. Muwaphunzitse zimenezi akadali kusukulu, ku Kachebere, ku Zomba, ku Nkhoma, ku Livingstonia, ndi kumene mashehe amaphunzira. Aphunzirenso kuzindikira mwana amene watopa ndi moyo, ndi kudziwa kumene angamutumize: nambala yaulere ya ana ya 116, alangizi a ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, anamwino a zamaganizo m'zipatala za m'maboma. Kupempherera munthu ndi kumuperekeza kwa mlangizi sizilimbana.

Za maudindo m'mipingo ndi m'mizikiti, ndani angatsogolere, ndani angadye mgonero, ndikusiyirani eni ake, ngakhale mtima wanga umafunsabe kuti mnyamata amene sanachite kanthu anaimitsidwiranji, pomwe ena amene tonse timadziwa kumene amagona Loweruka amatsogolera nyimbo Lamulungu. Koma pakhomo pakhale potsegula. Aloledwe kulowa, kukhala, kugwada ndi kusujudu popanda wolondera pakhomo kumubweza kapena achinyamata anzake kumudikirira panjira. Ndipo zikavuta mwana wotere n'kumwalira, mukaimbe pamaliro ake, mukamusambitse, mukamuswalire. Kumana mayi nyimbo pamaliro a mwana wake ndi chilango chimene chimagwera wamoyo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuganiza kale zimene ndikunenazi koma mukuopa. Kafukufuku wa Afrobarometer wa 2016 anaonetsa kuti Amalawi 6 okha pa 100 alionse ndi amene sangadandaule kukhala moyandikana ndi munthu wotere, choncho m'busa woyankhula yekha amadziwa kuti mawa adzatchedwa dzina, chopereka chidzatsika, mwinanso adzasamutsidwa. Ndicho chifukwa chake ndalembera nonse pamodzi. Chikalata chikakhala ndi chidindo cha maepiskopi, cha masinodi, cha mabungwe a mipingo a EAM ndi MCC, ndi cha mabungwe a Asilamu a MAM ndi Qadria, palibe amene angaloze m'busa wakumudzi kuti wagulidwa. Ndipo musanalembe, muitane ena mwa anawa, amene akula tsopano, mwachinsinsi ndi mowateteza, muwamve okha. Takhala tikukamba za iwo zaka zoposa 15. Amene anakhalapo nawo pansi n'kuwafunsa mmene amapempherera ndi ochepa.

Mnyamata uja mayeso a Fomu 4 sanalembe. Pano ali m'tauni ina, amawotcherera zitsulo kwa munthu. Mayi ake amamutumizira ufa mobisa kudzera kwa mayi a mandasi aja. Ndinamulembera uthenga wautali wopepesa, anangoyankha kuti "Ndamva, amayi." Za kukhululuka sanatchule, ndipo ine ndilibe nkhope yomufunsira. Mwezi watha ananditumizira uthenga wofunsa ngati ng'oma ija ana atsopano akumaiwamba asanaimbe, poti chikopa chake chimafooka kukazizira. Ndinamufunsa ngati amapemphera. Anati amapita ku tchalitchi china chachikulu kumene palibe womudziwa, amakhala benchi lomaliza pafupi ndi khomo, ndipo amatuluka zolengeza zisanayambe.

Ine wanu mwa ulemu,
Mayi woyang'anira kwaya ya achinyamata,
Blantyre.